Phunziro la Chingerezi pa wailesi: pezani mwininkhani musanasankhe mneni

Omvera athu muno mu Blantyre, makamaka inu a Fomu 4 amene mukukonzekera mayeso a MSCE ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi madera ena, tengani kope ndi cholembera. Lero tikamba za malo amodzi m'Chingerezi pamene ngakhale ophunzira akhama amapunthwa, ndipo ndikufuna muwasamale, poti munthu amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena.

Lembani chiganizo ichi: "One of my friends live in Limbe." Mukachimva chikuoneka ngati chilibe vuto, koma n'cholakwika. Amene wachilemba waona dzina lakuti "friends", limene likunena za anthu ambiri ndipo layandikana ndi mneni, n'kuganiza kuti ndilo mwininkhani. Mwininkhani weniweni ndi mlowam'malo "one", kutanthauza munthu mmodzi yekha, choncho cholondola ndi "One of my friends lives in Limbe."

Chimene chimatisokoneza ife olankhula Chichewa n'chakuti tikamanena za anthu, mneni wathu sasintha kawirikawiri. Timati "mwana amakhala ku Limbe", timatinso "ana amakhala ku Limbe", ndipo khutu silimva kusiyana kulikonse. Komatu lamulo lomweli tili nalo kale, ndipo limaonekera bwino tikamanena za zinthu. Mayi wogulitsa zipatso mumsika wa Limbe akatola chipatso chimodzi m'dengu, amati "chimodzi mwa zipatsozi chawola", ndipo simudzamumva akunena kuti "chimodzi mwa zipatsozi zawola". Mgwirizanitsi "cha" watsatira "chimodzi", wadumpha "zipatso". Chingerezi chimafuna zomwezo: "One of these fruits is rotten."

Tsono chitani izi nthawi iliyonse mukakayika. Ikani chala pa mawu onse kuyambira pa "of" mpaka pamene mneni akuyambira, kenako werengani mokweza mawu otsalawo. Pa chiganizo chakuti "Each of the minibuses has a conductor", mukaphimba "of the minibuses" mutsala ndi "Each has a conductor", ndipo mudzimvera nokha kuti "have" sangakhalepo. Njira imeneyi imathandizanso pa "either" ndi "neither", monga mu "Neither of the boys was at school." Mudzamva anthu ena, ngakhale eni chiyankhulocho, akunena kuti "neither of the boys were" pocheza, koma polemba mayeso kapena kalata yofunsira ntchito gwiritsani "was".

Alowam'malo akuti "everyone", "everybody", "someone" ndi "nobody" nawonso amatenga mneni wa chinthu chimodzi. Pa "everyone" ndi pamene ambiri amatsutsa, chifukwa m'maganizo amaona kalasi yodzaza ndi anthu, koma mawuwa amaloza munthu aliyense payekhapayekha. Lembani "Everyone in the class is ready", ndipo ngati mukufuna kunena za onse pamodzi, lembani "All the students are ready."

Samalaninso ndi chilembo cha "s". Pa dzina chimasonyeza zinthu zambiri, pomwe pa mneni wa nthawi ya tsopano chimasonyeza kuti wochitayo ndi mmodzi, n'chifukwa chake timati "the girl sings" koma "the girls sing". Alowam'malo "I" ndi "you" satsatira zimenezi, poti timati "I sing" ndi "you sing" ngakhale tikunena za munthu mmodzi.

Pali mawu awiri ofanana amene muyenera kungowaloweza, poti chala chija sichingakuthandizeni pa "a number of". "A number of" amatanthauza kuti ambiri, choncho timati "A number of traders are late", pamene "the number of" amanena za chiwerengero chimodzi, choncho timati "The number of traders is small."

Musanagone lero, konzani ziganizo izi m'kope lanu, ndipo mawa mukazionetse kwa aphunzitsi anu a Chingerezi: "Each of the teachers have a desk", "Nobody in our houses know him", ndi "One of the buses from Zomba are late." Pa chiganizo chilichonse, yambani mwalemba mzere kunsi kwa mwininkhani musanasinthe mneni.