Kompyuta yomwe inkawerenga masewera kuchokera pa kaseti

Tangoganizirani kaye phokoso ili. Likuyamba ngati kulira kwa nkhululu usiku, kenako likusanduka kukanda m'makutu ngati wailesi yomwe yasochera siteshoni. Kwa amene anakulira ku Britain m'zaka za m'ma 1980, limeneli ndi liwu la ubwana wawo, chifukwa umu ndi mmene masewera ankalowera mu kompyuta yotchedwa ZX Spectrum.

Kampani ya Sinclair Research ya ku Cambridge inatulutsa kompyutayi mu Epulo 1982. Mwini wake, Clive Sinclair, ankafuna chipangizo choti banja wamba likwanitse kugula, ndipo anaikadi mtengo wa mapaundi 125 pa yaing'ono ya 16 KB (KB ndi muyezo wa kuchuluka kwa zinthu zomwe kompyuta ingasunge), ndi mapaundi 175 pa ya 48 KB. Kuti mtengo utsike chotere, zambiri zinadulidwa. Mabatani ake anali a labala, ofewa ngati chofufutira cha kusukulu. Inalibe sikirini yakeyake, choncho ankailumikiza ku TV ya pabalaza. Ndipo m'malo mwa disiki inkagwiritsa ntchito kaseti wamba, yomwe ija ambiri a ife tinkamverera nyimbo ndi kuibweza ndi bolopeni pofuna kusunga mabatire.

Onani bwino zomwe zinkachitika. Mwana ankalemba lamulo lakuti LOAD, n'kuyatsa tepi, n'kukhala pansi kudikira. M'mphepete mwa sikirini munkayamba kuthamanga mizere yofiira ndi yabuluu wowala, kusonyeza kuti kompyuta yamva liwu loyambira. Mizereyo ikasanduka yachikasu ndi yabuluu, ndiye kuti pulogalamu yayamba kulowa, popeza kulira kulikonse pa tepiyo kunkaimira 0 kapena 1 malinga ndi kutalika kwake. Masewera aakulu ankatenga mphindi zinayi kapena zisanu. Voliyumu ikangochepa pang'ono, kapena tepi ikapindika penapake, pansi pa sikirini pankatuluka mawu akuti "R Tape loading error", ndipo mwana uja ankabweza kaseti n'kuyambiranso, mtima uli m'mwamba, nthawi ya nkhani isanakwane yoti bambo ake atenge TV yawo.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amakumbukira mwachikondi chinthu chovuta chotere? Ine ndikuona kuti yankho lagona pa zomwe zinkaoneka ukangoiyatsa. Siinkakupatsa chilichonse choti uonere. Inkangodikira kuti uilembere malamulo m'chinenero cha BASIC, ndipo magazini a makompyuta ankasindikiza mapulogalamu athunthu omwe ana ankakopera mzere ndi mzere madzulo onse. Ukalakwitsa chilembo chimodzi, unkayenera kuchisaka wekha, ndipo posakapo unkayamba kumvetsa mmene makinawo amagwirira ntchito. Matthew Smith analemba masewera otchuka a Manic Miner mu 1983 asanakwanitse zaka 20, ndipo onse anakwana mu 48 KB, malo omwe lero chithunzi chimodzi chojambulidwa pa foni yanu chimawaposa kambirimbiri.

Ngakhale chilema chake chinasanduka chizindikiro chake. Pa sikirini, kabokosi kalikonse ka timadontho 8 mulitali ndi 8 mulifupi kankalola mitundu iwiri yokha, kotero kuti kamunthu ka m'masewera kakamadutsa pafupi ndi khoma, mtundu wake unkatayikira pakhomapo. Opanga masewera anaphunzira kujambula mozemba vutoli, ndipo luso limenelo ndi loyenera kulipatsa ulemu.

Kampani ya Amstrad inagula makompyuta a Sinclair mu 1986, ndipo Spectrum inasiya kupangidwa mu 1992 atagulitsa zoposa 5 miliyoni. Lero pali mapulogalamu omwe amayerekezera Spectrum pa kompyuta yamakono, ndipo amatha kutsegula masewera aja m'kuphethira kwa diso. Komabe alipo akuluakulu, ena a imvi kale, omwe amazimitsa dala njira yachanguyo, n'kukweza voliyumu, n'kudikira mphindi zawo zisanu akuyang'ana mizere yachikasu ndi yabuluu ija.