Makalata a omvera: "Ndinabwerera ku Chiputula, koma ndinanama kuti ndasochera"

Takulandirani omvera athu nonse, amene mwakumbatira mbaula ku Chibavi, amene mwalowa kale m'bulangete ku Katoto, ndi inu amene mukutimvera pa intaneti muli kutali. Monire mose. Muno mu Mzuzu nkhungu yatsika dzuwa lisanalowe, moti ine ndafika mu situdiyo nditavala majuzi awiri. Sabata yatha ndinakusiyirani funso lakuti, kumene munakulira mukapitako lero, mumakupeza momwe munakusiyira? Makalata abwera mulu. Lero ndiwerenga atatu okha, enanu musadandaule, anu ndawasunga.

Yoyamba yachokera ku Johannesburg. Bambo awa akana kuti titchule dzina, pansi angolemba kuti "mwana wa ku Chiputula". Akuti:

"Achimwene, ine ndinachoka kwathu mu 2009 kupita ku Joni kukasaka. Ndinabwera Disembala wapitayu kudzaona manda a mayi, poti pamaliro sindinafike, mapepala anga anali asanalongosoke. Nditatsika basi ndinangoti kakasi. Shoprite imene ndinkangoiona pa Facebook ndinaiona ndi maso. Njinga zakabaza zija timazitcha Sacramento zilipobe, koma zamoto zadzaza msewu wonse. Zimenezo sizinandivute. Chandilembetsa ndi chulu. Kuseri kwa nyumba yathu kunali chulu chachikulu, ife ana tinkachitcha phiri. Mvula ikagwa tinkakhalira chigubu chong'amba n'kumatsetsereka mpaka pansi, kabudula ali psuu ndi dothi, madzulo n'kukalandira chikwapu. Ndinapita kuti ndikachione. Achimwene, chikundilekeza m'chiuno. Mbali ina anaigumula kuumbira njerwa. Mpeyala umene anabzala bambo anga watsala chitsa. M'nyumbamo muli alendi, ndipo mayi amene ankachapa pakhonde anandifunsa mwaulemu ndithu kuti, 'Mukufuna ndani bambo?' Ndinasowa choyankha. Pakhonde lomwelo ndi pamene mayi anga ankandimeta ndi lezala Lamlungu madzulo. Ndinangoti ndasochera, n'kutembenuka. Ndinakonza zokhala masabata atatu, koma ndinakwera basi patangotha masiku 9, ndipo titadutsa Chikangawa m'pamene mtima unakhala pansi. Kodi ndinalakwa? Nanga kwathu n'kuti tsopano?"

Achimwene, choyamba pepani ndi imfa ya mayi. Maliro olira pafoni, popanda wokugwira paphewa, amachedwa kutha mumtima.

Tsono za chulu. Theka lake anadya oumba njerwa, inde, koma theka linalo mwadya ndinu. Munkachiyeza ndi miyendo ya mwana wa Sitandade 2, lero mwakachiyeza ndi miyendo ya bambo wa ndevu zake. Inenso zinandionekerapo. Ndili mnyamata tinkadikira kunja kwa Mzuzu Stadium kuti mageti atsegulidwe mpira uli pafupi kutha, tionereko Moyale mwaulere mphindi zomaliza. Kwa ine nthawi imeneyo kunalibe bwalo lina loposa limenelo. Nditakaona Bingu National Stadium ku Lilongwe, ija inatsegulidwa mu 2017, n'kubwerera kuno, ndinaima pageti lomwe lija ndikudzifunsa kuti, kodi ndi pompano pamene tinkapondana zala?

Koma pa njerwapo tiyeni tikambirane bwino, chifukwa inu a kunja mumakonda kutiimba mlandu ife otsala. Kalembera wa mu 2008, kutatsala chaka kuti munyamuke, anapeza anthu pafupifupi 130,000 mumzinda uno. Wa mu 2018 anapeza 221,272. Anthu onsewo akanagona kuti popanda kugumula chulu cha wina? Ndiponso Mzuzu sinakhalepo phee chiyambire. Tauni ino inayamba cha mu 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, ija ankayengako mafuta, ndipo inadzakhala mzinda mu 1985. Bambo anu pomanga ku Chiputula nawonso anadula mtengo umene mwana wa wina ankakweramo. Mzinda si nsima yoti tikuvundikirireni m'bakuli mpaka tsiku limene mudzabwere.

Kunyamuka msanga sindikukudzudzulani nako. Munthu amene wangoona mtumbira wa mayi ake koyamba, miyendo imafuna kuthawa yokha. Chimene sichinandisangalatse ndi bodza lija la kusochera. Mukanangoti, "Mayi, ine ndinakulira m'nyumba muno," amayi a ku Chiputula ndimawadziwa ine, akanapukuta manja pachitenje n'kukutulutsirani mpando, mwina ndi tiyi yemwe. Madzi saiwala khwawa, mudzabweranso basi. Tsiku limenelo mudzagule paketi ya shuga, mukaodire ngati munthu. Mukakhala pampandopo mudzasuzumire kuseri, muone ngati ana awo sakutsetsereka pa theka latsalalo.

Kalata yachiwiri ndi ya agogo a ku Mchengautuwa. Iwo amayankhula, mdzukulu wawo n'kumalemba, ndipo mtsikanayu ali ndi dzanja labwino, ndamuyamikira.

"Mwanangu, ine ndinabwera ku Mzuzu mu 1978 kuchokera ku Dedza, kutsatira abambo akunyumba amene anawatumiza kuno pantchito. Chibwerere sindinachokeko. Oyenda amadandaula kuti akabwera amasochera. Nanga ine amene sindinapite kulikonse ndikusochereranji? Tsiku lina ndinauza mnyamata wa kabaza kuti akanditsitse ku TTC, iye amvekere, 'Agogo, kumeneko n'kuti? Ndinu alendo?' Ine mlendo! Kamwana koti mwina mayi ake ndinawaona akukwawa. Ndikati tinkakwera basi ya UTM, adzukulu amagwa ndi phwete, amayesa ndikunena chipani. Koma malo amene amandivuta ndi ku chipatala cha Central. Mdzukulu amene akulemba kalatayi anabadwira momwemo. Ndinamunyamula ali ndi maola awiri, ndinavina pakhonde anamwino akuseka. Patapita zaka 6, abambo anatisiya m'chipatala chomwecho. Kuyambira pamenepo, ndikakwera minibasi ya ku Ekwendeni, tikamafika chakumeneko ndimayang'ana mbali inayo. Mwezi wathawu ndinadzidzimuka tili kale kutsogolo, ndadutsapo ndikukangana ndi kondakitala za chenji, osazindikira n'komwe. Usiku wake sindinagone. Kodi ndayamba kuwaiwala?"

Agogo, munthu woiwala amagona mpaka kucha. Inu munachezera usiku wonse, ndiye mwaiwala chiyani? Chimene chachitika n'chakuti bala lapola, ndipo chipsera sichipweteka pokhapokha mutachikanda. Musachite nacho manyazi. Chipatala chimenecho, chomangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan, chinatsegulidwa mu 2000, ndipo kwa inu chili ndi makonde awiri, limene munavinapo ndi limene munalirapo. Zaka zonsezi mwakhala mukuthawa limodzi, linalo n'kulitaya nalo pamodzi. Ulendo wina mudzatenge mtsikana wolemba bwinoyu, mudzakhale naye chakuwindo, mudzamuloze pamene agogo ake anadula chiuno.

Inu anyamata a kabaza, mverani kuno, mungataye makasitomala. TTC ndi pamene pali Mzuni lero, ku Luwinga. Yunivesite ija inayamba kuphunzitsa mu 1999 m'nyumba zimene zinali za sukulu ya aphunzitsi, n'chifukwa chake akuluakulu ena dzina lakalelo silinawachoke pakamwa. Musawaseke, chifukwa nanunso zikukudikirani. Amene anaphunzira pa Mzuni laibulale isanapse mu Disembala 2015, akamauza ophunzira a lero pakona pamene ankabisala powerengera mayeso, amaoneka ngati agogo nawonso, chikhalirecho ena sanafike n'komwe zaka 40. Chondiseketsa ine n'chakuti mayina ena amakana kufa. Ku Zimbabwe, Salisbury inasanduka Harare mu 1982, koma kuno mwana wobadwa dzulo akuuzani mosaphethira kuti amakhala ku Salisbury Line.

Wachitatu ndi uthenga wa pa WhatsApp, waufupi, wochokera kwa mnyamata wa Fomu 3 wa ku Zolozolo. Akuti: "Ankolo, amalume anga amati kale Mzuzu inkazizira kuposa pano, moti mu Juni mano ankachita kugwedera. Ndi zoona kapena akungodzichemerera?"

Mphwanga, amalume ako akunena zoona ndithu pa zimene anaona. Pobwera kuchokera ku Mzimba, msewu wa M1 unkadutsa pakati pa mapaini a Chikangawa okhaokha, masana kumaoneka ngati madzulo. Nkhalango imene ija inali ya mahekitala pafupifupi 53,000, koma macheka ndi moto zinaidya kwambiri. Nayonso Kaning'ina, imene imasunga madzi otsikira mu Lunyangwa amene timamwa tonsefe, makala akuivula pang'onopang'ono. Pamenepo usawatsutse. Koma ukawafunsenso kuti popita kusukulu mu Juni ankavala chiyani. Ine ndikuyankhiratu, poti tinali limodzi: kabudula wa khaki, shati imodzi, phazi pansi, m'thumba muli mbatata yootcha yoti izitifunditsa manja mpaka pa asembule. Lero amalumewo amadzuka 7 koloko, kuvala jekete yapakaunjika yokhala ndi ubweya mkati, kumwa tiyi wamkaka, kenako n'kumati Mzuzu yasiya kuzizira. Akalimbikira, uwabwereke kabudula wako wa sukulu mawa m'mamawa, akaime pa Clock Tower mphindi 20, atilembere sabata yamawa.

Nthawi yatithera. Amene mukutsikira ku Nkhata Bay m'bandakucha, yatsani magetsi a galimoto, nkhungu ya lero si yamasewera. Agogo a ku Mchengautuwa, nyimbo ikubwerayi ndi yanu, mdzukulu akweze wailesi.