Makalata a omvera: filimu ya bambo wosungulumwa ija yautsa mapiri pachigwa

Takulandiraninso omvera. Makalata a lero pafupifupi onse akukamba chinthu chimodzi, filimu ija tinakambirana sabata yatha, ya bambo wachikulire amene mkazi wake anamwalira, ntchito anapuma, pano akungokhala yekhayekha. Tiyambe ndi mayi awa.

"Zikomo aulutsi. Ine filimu imeneyi yandisowetsa tulo. Pali pena foni ikulira, bambo uja kuthamanga kukayankha, kupeza ndi munthu wolakwitsa nambala, koma iye kumamufunsabe kuti kwanuko kwacha bwanji, kungoti asadule msanga. Ndinalira kobasi. Bambo anga amakhala okha chimwalirireni mayi, akaimba ndimangoti ndili bize ndikuimbirani, osaimbanso. Kodi kulira chonchi chifukwa cha sewero chabe ndi bwinobwino?"

Mayi, ndi bwinobwino ndithu, ndipo yankho mwalemba nokha m'kalatamu, pa sikirini paja mumaona bambo anu. Kusungulumwaku si nkhani yamasewera ayi. Dziko la Britain linachita kusankha nduna yoona za vutoli mu 2018, Japan nayo mu 2021, ndipo mu 2023 mkulu wa zaumoyo ku America, Vivek Murthy, anachenjeza kuti kukhala wopanda anthu ocheza nawo kumafupikitsa moyo mofanana ndi kusuta ndudu mpaka 15 patsiku. Amuna achikulire ambiri vuto lawo salankhula, amangoti tili bwino. Ndiye akaimba madalawo yankhani, olo alibe nkhani yeniyeni, olo akufunsa za mvula basi.

Ina iyi yachokera kwa mnyamata, ndipo sakunyengerera.

"Aulutsi musatinamize, filimu yake yobowa iyi. Munthu kutsuka kapu imodzi mpaka ine kuyasamula, nyimbo palibe, ndewu palibe, mathero akenso osadziwika mutu wake. Bandulo yanga inangopita ulele."

Hahaha achimwene pepani ndi banduloyo. Pena ndikugwirizana nanu, chapakati paja imakokadi mopitirira. Koma kuchedwako n'kwadala. Opanga mafilimu a mtundu uwu safuna kukuthawitsani, kamera amaisiya pamalo amodzi osadula, nyimbo zokuuzani kuti apa lirani saikamo, mumangomva wotchi ndi madzi a pampopi, ndiye nthawi imene ikumulemera munthu uja imayamba kukulemerani inunso. Kapangidwe koonetsa moyo wa tsiku ndi tsiku momwe ulili kanatchuka ku Italy nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, cha m'ma 1940, pomwe ankajambula m'misewu yeniyeni ndipo nthawi zambiri ankatenga anthu wamba oti sanachitepo zisudzo. Za mathero zo, mumafuna apeze mkazi wina kapena ana abwere ndi mphatso eti? Akanatero tonse tikanapuma n'kuiwala mawa lake, ine ndiye ndikanakhumudwa.

Yomaliza ndi yaifupi, sanalembe dzina.

"Ine ndimakhala ndekha ngati bambo ameneyo. Ndinaithimitsa pakati, sindinathe."

Bambo, munachita bwino, palibe lamulo loti muimalize. Koma ngati zimene munaonazo zikukukhalanibe pamtima, tulo osabwera, chakudya osachifuna, musazisunge, uzani wina amene mumamukhulupirira kapena kaonaneni ndi a uphungu kuchipatala. Mutilemberenso sabata ya mawa, kalata yanu tidzayamba nayo.