Ndatsika ku mapiri a Lesotho, bwana n'kundidula malipiro

Abale anga, moni nonse, a ku Mayfair, a ku Diepsloot, a ku Cape Town, ndi inu amene mukumvera muli kumudzi. Lero ndilibe mlendo, ndilankhula ndekha chifukwa mtima ukuwawa. Lachisanu bwana wandidula malipiro, akuti ndine ndinapsereza mabuleki a lole. Ine amene ndinamanga mabuleki amenewo ndi manja angawa!

Mukudziwa kuti ndimagwira pagaraja yokonza galimoto za mpikisano wa m'chipululu, zija zimathamanga mumchenga ku Kalahari. Bwana ali ndi yake, ya injini ya V8 yopanda turbo, kachipangizo kaja kokankhira mpweya wambiri mu injini, ndipo anaganiza zokaiyesa m'misewu yafumbi ya ku Mokhotlong. Tinaikweza pangolo, n'kukoka ndi lole yakale ya dizilo. Za pa boda ya Caledonspoort sindinena, mukuzidziwa nokha.

Kungodutsa Butha-Buthe msewu umayamba kukwera. Pa chikweza cha Moteng lole inayamba kufuka utsi wakuda bii, giya yoyamba, kuyenda ngati yatopa. Mphwake wa bwana, amene ankayendetsa, n'kumandikalipira kuti sindinakonze bwino pampu ya mafuta. Ndinamuuza kuti achimwene, pampu ilibe mlandu, vuto ndi mpweya. Injini ili ngati mbaula, makala angachuluke bwanji, popanda mphepo moto suyaka. Ukamakwera m'mwamba mpweya umapepuka, mafuta satha kupsa onse, otsalawo ndiwo utsi umene ukuuonawo. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi pa 100 alionse ukakwera mamita 100. Ngakhale Joni yomweyi ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750, n'chifukwa chake kuno amagulitsanso petulo wa 93 pamene ku Durban ndi wa 95. Galimoto yomwe imauluka kunyanja ikafika kuno imakhala yofooka kale.

Ndiye tangoganizani Tlaeeng, chikweza china pamsewu womwewo. Malo amenewo apitirira mamita 3,200. Sapitwa wathu ku Mulanje ndi mamita 3,002. Ine mwana wa ku Phalombe, amene ndinakula ndikumva agogo akuti kumeneko sikupitidwa, ndinaima pamsewu wa tala ndili pamwamba kuposa Sapitwa. Misozi inalengeza, ndinafuna mayi anga akadaona. Mutu unkawawa, kunyamula jeke pang'ono befu kutha, tiyi amawira msanga koma osawotcha bwino, pakuti kumeneko madzi amawira asanafike pa madigiri 100. N'chifukwa chakenso ndinayang'ana kaye chivindikiro cha radiyeta tisananyamuke. Chikakhala chotha, madzi amatuluka panjira.

Galimoto ya mpikisano ija titaitsitsa, bwana anaizungulitsa n'kubwera nkhope ili gwaa, akuti yatha mphamvu. Inde, poyerekeza ndi kunyanja, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu linali litapita. Matayala nawo ndinawayezanso, poti ukawapopa kumunsi, pamwamba geji imaonetsa mpweya wochuluka. Zimenezi a mpikisano waukulu wa galimoto wa Dakar anaziona pamene mpikisanowo unali ku South America, kuyambira 2009 mpaka 2019, akudutsa mapiri a Andes kopitirira mamita 4,000. Ndipo musaiwale, amene anapambana mu 2009 ndi Giniel de Villiers wa konkuno, pa Volkswagen ya dizilo ya turbo. Hilux imene Nasser Al-Attiyah anapambanira mu 2019 inamangidwa pafupi ndi bwalo la mipikisano ya galimoto la Kyalami, pompano. Ndikamadutsa chakumeneko pa takisi ndimadziuza kuti ntchito imeneyi nanenso ndikuidziwa.

Apa ndimvereni, achinyamata amene mwangofika kumene. Musakhutire ndi kutsuka masipanala. Makaniko akatsegula injini imani pafupi, funsani, lowezani. Akakutukwanani pirirani, koma maso akhale pa manja ake. Ambiri tinabwera kuno opanda pepala la sukulu ya zaumisiri, ndipo anthu ena amaganiza kuti Mmalawi ndi wa m'dimba ndi kukhitchini basi. Ntchito zimenezo n'zaulemu, ine ndinayambira komweko, koma mutu tili nawo. Luso likalowa m'manja palibe wapolisi angakulande pa rodibuloko, ngakhale akukweze ndege ya ku Lilongwe upita nalo. Ine tsiku lina ndidzatsegula garaja yanga ku Limbe, mudzandipeza.

Tsono za mabuleki. Pobwerera, potsika Moteng pomwe paja, makona ake ndi oopsa, kumbuyo tikukoka ngolo yolemera. Ndinamuuza mnyamata uja kuti ika giya yaing'ono, injini ndiyo igwire lole. Iye ayi, phazi pa buleki kuyambira pamwamba, akuseka kuti ndine wamantha. Tisanafike pakati fungo linayamba, kenako utsi m'mawilo, pedulo n'kulowa pansi. Mafuta a mabuleki anali atawira. Ndinakuwa kuti akhotere kumbali ya phiri, ndinadumpha n'kuika miyala kumatayala. Kumunsi kwake kunali chiphompho, abale anga, ndipo ana anga ku Phalombe akanangolandira foni.

Tinakhala pamenepo mpaka zitsulo zitazizira. Abusa a nkhosa ovala mabulangete anabwera kudzationa, mmodzi n'kutigawira chimanga chowotcha. Mulungu awadalitse anthu amenewo.

Tafika kuno, mphwake uja wauza amalume ake kuti mabuleki anali osamanga bwino. Bwana sanandifunse n'komwe, wangodula. Ndalama imeneyo inali ya feteleza, mvula ili pafupi. Mapadi opsawo ndawasunga, ndi madisiki omwe asanduka abuluu chifukwa cha kutentha, ndipo makaniko wamkulu wavomera kuti akaima nane. Lolemba m'mawa ndikawaika patebulo la bwana, mphwakeyo ali pomwepo.