Denga la Saint-Savin: Utoto Wazaka 900 Womwe Sunasuluke

[Chithunzi: mkati mwa tchalitchi, kamera ikuloza kudenga]

Kwezani maso. Denga lokhota lomwe mukulionali latalika mamita 17 kuchokera pansi, ndipo m'litali ndi mamita 42. Lonseli ndi lojambulidwa nkhani za m'buku la Genesis ndi la Eksodo. Kuno ndi ku Saint-Savin, m'mbali mwa mtsinje wa Gartempe ku France, makilomita pafupifupi 40 kum'mawa kwa Poitiers. Poyamba inali tchalitchi ya amonke a Benedikito, lero amapempheramo ndi akhristu a parishi. Zithunzizi zinajambulidwa cha m'ma 1100.

Nanga utoto ungakhale bwanji zaka zonsezi osasuluka?

[Chithunzi: dzanja likumata pulasitala]

Chinsinsi chili mu laimu. Mmisiri amayamba ndi pulasitala wokhakhala wa laimu ndi mchenga, kenako n'kumata wina wosalala pamwamba. Utoto wosungunula m'madzi amaupaka pulasitalayo akadali wonyowa. Pouma, laimu amakoka mpweya wa carbon dioxide n'kusanduka kachikhungwa kolimba, utoto n'kutsekeredwa mkati. Ndiye kuti sunangokhala pamwamba, wasanduka khoma lomwelo.

Komatu laimu ndi waukali, sagwirizana ndi utoto uliwonse. Womwe umapirira ndi wochokera m'dothi. N'chifukwa chake mitundu pano ndi yochepa: wachikasu, wofiira ngati katondo, wobiriwira, woyera ndi wakuda.

[Chithunzi: chingalawa cha Nowa, chapafupi]

Taonani chingalawachi. Kutsogolo kwake kuli mutu wa chilombo, nyama zikusuzumira m'mazenera ziwiriziwiri, mbalame pamwamba pake, ndipo m'madzimo mukuyandama mitembo. Wojambula sanataye nthawi ndi tizinthu ting'onoting'ono. Ankadziwa kuti woonera ali pansi patali, choncho anthu ojambulidwawo ndi aakulu, mizere ndi yokhuthala.

Pamene pamavuta ndi apa. Zomalizira, monga mizere ya nkhope ndi mapindo a zovala, kawirikawiri ankaziwonjezera khoma litayamba kuuma. Utoto woterowo sumira m'pulasitala, ndiye ndiwo umayamba kugwa. Mukaona nkhope yofufutika pomwe thupi likuonekabe bwino, nthawi zambiri chifukwa chake n'chimenecho.

Mdani wamkulu ndi madzi. Denga likadontha, chinyezi chimasungunula mchere wa m'miyala. Madziwo akauma, mcherewo umaundana pansi pa utoto n'kuutukumula mpaka kusendeka. Kumatapo simenti n'kuwonjezera vuto: imatsekera chinyezi mkati, komanso imabwera ndi mchere wakewake. Okonza odziwa ntchito amayamba atseka podontha, kudikira khoma liume pang'onopang'ono, kenako n'kubayira laimu wamadzimadzi kuseri kwa pulasitala wofuna kugwa.

[Chithunzi: tchalitchi kunja, nsanja yosongoka]

M'ma 1830 nyumbayi inali itawonongeka kwambiri. Prosper Mérimée, yemwe ankayendera zipilala zakale m'malo mwa boma, ndiye anaiwomba mfuu. Mu 1840 inalowa pamndandanda woyamba wa nyumba zotetezedwa ku France, ndipo mu 1983 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaiika pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi.