Musanaike MP4 mu gemu yogulitsa, onerani kaye iyi

Takulandiraninso, anzanga opanga magemu! Lero tikambirana za tividiyo ta mkati mwa gemu, tija timaonekera nkhani ikamayamba. Ngati cholinga chanu ndi kugulitsa pa Steam kapena itch.io, musachokepo.

Choyamba, mothamanga. MP4, WebM ndi OGV ndi mabokosi chabe. Nkhani yagona pa codec ili mkatimo, kutanthauza njira yopanikizira vidiyo kuti fayilo ichepe: H.264, HEVC, VP8, VP9, AV1 kapena Theora. Basi, tapitirira.

Chachiwiri, bodza limene limandinyansa kwambiri. Munthu amati: "Ndagwiritsa ntchito FFmpeg, ndi open source, ndiye zonse n'zaulere." Ayi, achimwene! FFmpeg ndi pulogalamu yosinthira mavidiyo, code yake ndi yotsegukadi, koma apa pali zilolezo ziwiri zosiyana. China ndi cha pulogalamuyo: FFmpeg imayendera chilolezo cha LGPL, pomwe x264, pulogalamu yopangira vidiyo za H.264, imayendera cha GPL, ndipo mukalumikiza x264 mu gemu yanu, GPL imafuna kuti mutsegule code yanu kwa onse ogula. China ndi cha patent, chokhudza njira yeniyeni yopanikizira vidiyo. Eni ake ndi makampani ena, ndipo chiphaso cha H.264, codec imene imapezeka kawirikawiri mu MP4, chimachokera ku Via LA, omwe anatenga ntchito ya MPEG LA mu 2023. Inde, makope 100,000 oyamba pachaka salipiridwa, koma zimenezo ndi za amene wasaina nawo mgwirizano, osati aliyense wongokhala chete.

Wina walemba kale m'munsimu kuti, "Nanga YouTube?" Mu 2010 MPEG LA inati vidiyo zoonera ulere pa intaneti sizidzalipitsidwa. Gemu yanu mukugulitsa, si yaulere. "Nanga OpenH264 ya Cisco?" Iyi ndi pulogalamu ya H.264 ya kampani ya Cisco, ndipo Cisco imalipira za patent pokhapokha kompyuta ya wosewerayo itatsitsa fayiloyo kuchokera kwa Cisco. Mukaipakira nokha mu gemu, chitetezo chatha. Ma patent ena a H.264 anatha kale, zoona, koma amatha dziko ndi dziko, ndipo Steam imagulitsa konsekonse. HEVC yokha ndisayambe n'komwe, eni ake ndi ambirimbiri, omwazikana m'magulu osiyanasiyana.

Ngati mwaphunzirapo kanthu, dinani like ndi subscribe, zimatithandiza kwambiri.

Chachitatu, tisankhe chiyani? Zitengera injini imene mukupangira gemu yanu. Pa Godot asankhiratu: imawerenga Ogg Theora. Chithunzi sichikongola ngati cha masiku ano, choncho kwezani bitrate, kuchuluka kwa data pa sekondi iliyonse ya vidiyo. Pa Unity, VP8 mu WebM, imene Google inaitsegula mu 2010, imasewera ngakhale pa Linux. Pa Unreal muli ndi mwayi: Epic, eni ake a injiniyi, inagula RAD Game Tools mu 2021, ndipo kuyambira Unreal 4.27, Bink, codec ya RAD, imabwera limodzi ndi injiniyo. AV1 ya 2018 imachepetsa fayilo bwino zedi, koma laputopu yakale imatopa nayo.

Chachinayi, codec ya mawu: Opus kapena Vorbis, AAC isiyeni.

Mukafika pokambirana ndi wofalitsa kapena kupita pa console, pamenepo pezani loya aone mgwirizanowo. Lembani m'munsimu injini imene mukugwiritsa ntchito, vidiyo yotsatira tisinthira limodzi MP4 kukhala WebM.