Nyumba ya agogo ku Sea Point yagulitsidwa, ine ndatsala ndi makiyi

Moni moni abale anga kulikonse kumene mukundimvera, a ku Capricorn, a ku Dunoon, a ku Masi, inu a ku Johannesburg amene mumatinena kuti ife a ku Cape Town timadzimva uzungu, ndi inu a kumudzi amene mukumvera pa bando ya mnzanu, nonse ndakupatsani moni. Mukamva chiphokoso kumbuyoku musadabwe, ndi mphepo ija ya South Easter yayamba, ikumenyetsa chitseko cha kachipinda kanga, chitseko chomwe ndakhala ndikunena zaka zitatu kuti chadyeka ndi dzimbiri koma palibe anandimva. Lero sindinakonzeke zojambula ayi, koma ndikapanda kuyankhula ndiphulika.

Nyumba yagulitsidwa aise. Mmawa uno cha m'ma 10 ejenti wogulitsa nyumba uja wabwera ndi kagalimoto kake koyera, watsika, wamata chipepala cha SOLD pa chikwangwani chija, chikwangwani chomwe ndinamangirira ndine pa geti ndi waya wanga, kenako akundiuza kuti ndimujambule pa foni ataima pambali pake akumwetulira. Ndamujambula. Katatu, poti koyamba akuti tsitsi linauluka ndi mphepo. Mamiliyoni 14 a randi. Musandifunse kuti ndi makwacha angati, tsegulani Mukuru muwerenge nokha, ine ndinayesa kakyuleta ya foni inangondionetsa maziro mpaka mutu kuwawa.

Amene mwayamba kumvera posachedwa simukuidziwa nyumbayi. Ndalowa pano 2014, ndinabwera ngati waganyu wa tsiku limodzi kudzadula heji, agogo, mayi achizungu eni nyumbayi, anandiona mmene ndimagwirira anati ubwerenso mawa, mawa lake lija ndi zaka 11 tsopano. Ndi nyumba yosanja, zipinda zogona zisanu, khoma limodzi amagawana ndi a neba monga zimakhalira nyumba zakale za kuno, ndipo pamwamba pa khomo panalembedwa 1898. Tangoganizani, 1898 John Chilembwe anali akadali pasukulu ku Virginia, asanabwerere n'komwe kudzayambitsa mishoni ku Mbombwe, nyumba iyi inali itaima kale ikuyang'ana nyanja. Pansi ndi matabwa a Oregon pine, mawindo ndi aja okankhira mmwamba okhala ndi zingwe mkati mwa felemu, ndipo pakhonde lammwamba pali zitsulo zolukaluka zomwe eni ake amazitcha broekie lace, eti lesi wa kabudula wamkati kkkk, azunguwa nawonso. Ukaima pakhondepo kutsogolo ukuona Robben Island, kumbuyo Lion's Head, 12 koloko ikakwana mzinga wa pa Signal Hill uja uphulika ndiye umadziwa kuti nthawi yotereka madzi a nsima yakwana.

Zitsulo zimenezo ndiye zandidya manja. Anthu amaona nyumba ya kunyanja kukongola, sadziwa kuti mphepo ya mchere imadya chilichonse, loko, geti, mipope, ngakhale njinga ukaisiya panja mwezi umodzi. Chaka chilichonse mvula ya June ndi July ikatha ndimakwera makwerero ndi bulashi ya waya, kupala kaduwa kamodzikamodzi, kupaka mankhwala ofiira aja kenako penti yoyera, milungu iwiri ndili mmwamba ngati nyani. Ndiye pa intaneti ejenti analemba kuti nyumba yosamalidwa mwachikondi ndi banja limodzi kwa zaka 50. Banja liti? Mwana wamwamuna ali ku Sydney, wamkazi ali ku London, amabwera pa Khirisimasi kudzapsa ndi dzuwa ku Clifton basi. Mu 2018 madzi atavuta, boma la mzinda litati munthu aliyense malita 50 patsiku, amene amanyamula madzi osambira agogo mu ndowa kutsika nawo masitepe 19 kukathirira mtengo wa mandimu ndani? Mandimu omwewo ali pa chithunzi nambala 4 pa malonda aja, achita kuwala.

Ndabwerera mmbuyo, pepani. Chinayambitsa zonsezi ndi masitepe omwewo. Agogo anagwa mu August, usiku, ndinawapeza ndine mmawa nditalowa ndi kiyi wanga poona kuti katani ya kuchipinda kwawo sinatsegulidwe, chiuno chitathyoka. Atatuluka kuchipatala ana anati mayi sangakhalenso nyumba ya masitepe, anawapezera malo kunyumba zosungira okalamba. Kwathu zimenezi tikanati mwana wataya kholo, koma ine sindiweruza, poti nanenso mayi anga ali ku Ntcheu akudwala miyendo ine ndili kuno kupala zitsulo za eni, ndiye ndani waposa mnzake.

Tsopano show house. Inu amene simunagwirepo m'nyumba yogulitsa, kuno amachita Lamulungu masana, 2 mpaka 5, chitseko chotsegula aliyense kulowa kumasuzumira mpaka m'makabati. Lachisanu lake ejenti anandiitana, ndi ulemu wake wonse ndithu, akuti chonde weekend ino musaphike kansomba kanu kaja. Usipa wanga abale, umene mlamu wanga ananditumizira kuchokera ku Mangochi, akuti fungo limalowa m'makatani. Kenako analowa m'chipinda changa ndi mtsikana wina wokongoletsa nyumba, anachotsa chitenje cha mayi a kunyumba chomwe ndinapachika pawindo, mapoto anga ndi mthiko anaziika m'katoni nkukazibisa kugaraja, pabedi anayala duveti yoyera ndi mapilo anayi, pa tebulo pomwe pamakhala Baibulo langa anaikapo kabotolo ka maluwa. Ine anandipatsa R100 kuti ndikayende ku Promenade mpaka 5. Ndinakhala pa benchi pafupi ndi dziwe losambira lija la Pavilion, nditavala jekete ya kutchalitchi, ndikuonera agalu a anthu akudya ayisikilimu. Madzulo ndikutsegula malonda aja pa foni ndikuona chipinda changa, chokongola bwanji, ndinachita kuchisirira, pansi pake alemba kuti kanyumba kapadera kokhala ndi khomo lakelake, kabwino kuchititsa Airbnb, lendi ija ya alendo ogona masiku ochepa. Zaka 11 ndimagona mu Airbnb osadziwa ine.

Ndipo kachipinda kameneka kali ndi mbiri yake, chimbudzi chake chili panja kuseri, mpopi wake wosiyana, poti kanamangidwa nthawi imene munthu wakuda amaloledwa kugona ku Sea Point pokhapokha ngati ndi wantchito. Agogo anandiuzapo tsiku lina tikusenda mandimu kuti chapafupi pompa pa Tramway Road pamakhala mabanja a makaladi, anawasamutsa ndi lamulo la tsankho lija la Group Areas iwo ali mtsikana, anangoona malole. Ananena akuyang'ana pansi, ine sindinayankhe kanthu, ndikanati chani.

Koma chimene chinandiseketsa mpaka misozi ndi mapepala. Abale nyumba kuno siigulitsidwa ngati mmene timachitira kwathu, kuitana amfumu ndi mboni ziwiri nkuloza kuti malire ndi mtengo wa mango uwo. Kunabwera munthu wa magetsi kudzapereka setifiketi. Kunabwera wa mipope, poti mzinda wa Cape Town umafuna yakenso ya madzi. Wa gasi. Wa waya wamagetsi wa pampanda. Kenako kunabwera mkulu wina ndi tochi ndi kasukuludiraiva, akugogoda matabwa, akukwawa kunsi kwa nyumba, ndikumufunsa bwana mukufuna chani, akuti ndikufufuza tizilombo todya matabwa, pamafunika beetle certificate. Anankafumbwe a m'matabwa aise! Anankafumbwe a ku Sea Point ali ndi fayilo kwa loya, ine mwana wa munthu pemiti yanga ndikudikirabe. Ndipo anawapezadi kuchipinda chodyera, amene anamuonetsa pomwe pamatuluka kaufa kaja ndi ine, poti ndimasesapo Lolemba lililonse. Pamwamba pa izo nyumba iliyonse yopitirira zaka 60 sungangoigwetsa kapena kuisintha, mpaka upemphe chilolezo ku Heritage Western Cape, bungwe la boma loteteza zinthu zakale. Wogulayo amafuna kugumula khoma la kukhitchini, auzidwa kuti dikirani kaye. Khoma lili ndi boma lolitchinjiriza.

Ndiye tifike pa bwana wamng'ono, wa ku Sydney uja. Anafika milungu itatu yapitayo kudzasaina ndi kulongedza. Munthu wabwinobwino pomuona, amandiitana my brother, anandibweretsera kapu. Lachiwiri lapitali anandiitanira pakhonde nkundipatsa envelopu, akuti iyi ndi thank you yochokera kubanja, komanso fuliji yakale ija ya kugaraja utenge, ndipo ukapeze malo pofika kumapeto kwa mwezi. Ndikutsegula muli R5,000. Ndinati zikomo bwana, ndinapinda bwinobwino, ndinapita kuchipinda kwanga, ndinatenga kope langa.

Apa ndiye tcherani khutu, makamaka inu achinyamata amene mwangotsika basi dzana, amene mukalandira ndalama mumangoti bwana wanga ndi wabwino, bwana wanga amandipatsa nsapato. Nsapato si kontirakiti. Bwana wabwino amakalamba, amagwa pa masitepe, amamwalira, ndipo amene amabwera kudzatseka nyumba sakudziwa, kwa iye uli ngati fuliji ya kugaraja ija. Ine kuyambira mwezi woyamba ndinagula kope la masamba 72, mwezi uliwonse ndimalemba deti ndi ndalama yomwe ndalandira, agogo nkusaina pambali, amaseka kuti ndiwe kalaliki iwe, koma amasaina. Makope atatu adzaza. Lamulo la dziko lino likuti ntchito ikatha chifukwa bwana sakukufunanso osati chifukwa walakwa, akupatse malipiro a mlungu umodzi pa chaka chilichonse chomwe wamaliza, notisi ya milungu inayi, ndi masiku a holide amene sunapume. Wa m'gadeni nayenso amawerengedwa ngati wantchito wa m'nyumba, musanamizidwe. Ine ndimalandira R1,500 pamlungu, kuchulukitsa ndi 11, ndi R16,500 imeneyo tisanayambe n'komwe za notisi. Ndipo nkhani yoti ulibe mapepala ndiye sungadandaule ndi bodza lomwe timauzana tokha m'mashibini, ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya antchito ndi mabwana awo, mlandu wa ntchito amaumva ngakhale pemiti yako inatha. Ambiri timaopa, ndikudziwa, nanenso miyendo imanjenjemera, koma mantha amenewo ndi amene amamangira anzathu maswimming'i pulu. Lembani, jambulani pa foni, sungani mameseji a WhatsApp, ngakhale bwana wanu akhale wopemphera chotani.

Ndinabwerera pakhonde paja ndi makope anga nkuwaika pa tebulo, ndinati bwana, ndi ulemu wonse, mayi anu anasaina apa. Anatsegula, anaona dzanja la mayi ake kuyambira 2014 lili lowongoka mpaka chaka chino likunjenjemera, anafiira makutu. Anayamba zoti sindimadziwa, ndiyankhula ndi loya, ndinati yankhulani naye bwana ine ndilipo. Dzulo wabwera ndi pepala lotayipa, zonse zilimo, ndipo akuti ndikhalebe mpaka nyumba isinthidwe dzina ku Deeds Office, zomwe zimatenga miyezi iwiri kapena itatu, poti akufuna wina woyang'anira kuti anthu asathyole. Mwaona? Mwadzidzidzi ndafunikanso. Za UIF, inshuwalansi ya boma yothandiza munthu ntchito ikatha, zomwe sanandilembetse ndazisunga kaye m'thumba, tidzakambirana Lachisanu.

Ndinaimbira mayi a kunyumba kuwauza, iwo funso loyamba eti nanga zitseko? Poti nyumba yathu ku Ntcheu inaima pa lintala kuyambira pomwe kwacha inagwa mu November 2023 simenti nkukwera ngati yapenga, malata ndinagula theka ali kwa apongozi. Ndinati mayi ndikukuuzani kuti ntchito yatha, iwo akuti ndamva bambo, koma zitseko za nyumba yakaleyo akazichotsa azitaya kuti? Mkazi wa ku Ntcheu ameneyo kkkk. Ndipo sanalakwe, chifukwa bwana wamng'ono waitanitsa chibini chachikulu chija akutayiramo zinthu zomwe kwathu tikanachitira mwambo, makina osokera a Singer a agogo ndawatola mmenemo, mapoto a chitsulo, zogwirira zitseko za mkuwa zisanu ndi chimodzi. Zonse zili pansi pa bedi langa la Airbnb zikudikira wa thiransipoti wa pa Mwanza.

Chomaliza chimene ejenti wandiuza mmawa uja atatha kujambulitsa, akuti ogulawo, banja la ku Johannesburg, afunsa ngati wa m'gadeni akubwera limodzi ndi nyumba. Ndinamuyang'ana. Akuti ayi akutanthauza ngati mungakonde kupitiriza, kawiri pamlungu, koma chipindacho achifuna. Ndamuuza kuti ndiganiza. Ndiye amene mukudziwa chipinda chapafupi ndi basi ya MyCiTi, chosadontha, cha landilodi wosawerenga anthu obwera kudzacheza, nditumizireni uthenga ku inbox, ndili ndi fuliji kale.

Agogo anaimba foni 4 koloko kuchokera kokhala kwawo kuja, sakudziwa kuti SOLD yamatidwa, ana anati tisawauze kaye. Amafunsa ngati ndathirira mtengo wa mandimu. Ndinati ndathirira agogo, koma ndinanama, tsiku lonse mutu unali pa nkhaniyi. Ndiye ndisiyire pompa ndikatsegule mpopi kusanade, mphepoyi imaumitsa dothi msanga.